Laputopu ya Makuponi

Lolemba

Lero ndayamba. Dziko lidziwe!

Kukoleji anatiuza tisanabalalike kuti aliyense, kulikonse kumene watumizidwa kukayeserera kuphunzitsa, atsegule bulogu, ndiye kuti tsamba lakelake pa intaneti, azilembapo mmene akugwiritsira ntchito tekinoloje m'kalasi. Anzanga anagwera masukulu a m'tauni. Ine ndagwera kuno, kupitirira Simlemba, kumene msewu umangotha wokha osatsanzika.

Lachisanu akubwera a Chirwa, lekichara wathu, kudzandionerera ndikuphunzitsa. Akufuna zinthu zitatu: kalasi yodzaza, tekinoloje ikugwira ntchito, bulogu ili ndi kanthu. Ndikalephera ndibwereza chaka. Bambo anga ananeneratu kuti ndikabwereza chaka, ndikachibwerezere kubanja.

Zida zanga:
1. Laputopu ya achimwene. Batire yake imakhala moyo nthawi yowiritsira dzira.
2. Kachipangizo ka intaneti, kangati chala, kolowetsa m'mbali.
3. Chikwama cha laputopu, chakuda, chofewa. Ichi chokha ndicho chilibe vuto.
4. Mtima.

Kalasi yanga ndi Sitandade 6. Pobwera anandiuza kuti ana ndi ambiri. Ndikulowa, ndikupeza mabenchi ambiri. Ana ali kudambo, akuthirira nazale za fodya. Ahedi, a Mwale, akuti: "Madamu, mwezi uno hedi ndi fodya. Ine ndine wachiwiri wake."

Palibe kanthu. Ndiyamba ndi amene alipo.

Phunziro ndalitcha "Za Ine". Mwana aliyense akubwera kutsogolo kwa laputopu, kamera ikumujambula, iye akunena:
– dzina lake
– mudzi wake
– zimene makolo ake amalima
– kukula kwa munda wawo (kuti mulowenso masamu pang'ono. Koma ndili ndi mutu ine!)

Akudziona pagalasi n'kumakuwa. Wina wabisala kunsi kwa tebulo. Wina wagwada n'kudzipatsa yekha moni. Tisanafike pakati, laputopu yatsinzina.

Masana, kusaka netiweki. Ndayenda mudzi wonse foni ili m'mwamba ngati ndikuopseza mitambo. Ndaipeza! Ili pamwamba pa chulu, kuseri kwa chigafa cha a Gondwe. Vuto ndi lakuti chulucho chili ndi mwini wake: tonde wa a Gondwe, wandevu, wonunkha kuyambira patali. Ndakwera. Ndalemba mutu wa bulogu pafoni: "Tekinoloje M'kalasi Mwanga". Tonde watsitsa mutu wake. Ndatsika mofulumira kuposa mmene ndinakwerera, chala chikungodinadina zimene sindikuzidziwa.

Kunyumba, Anabanda akusankha mbewu pamphasa. Ndiwo mayi amene akundisunga, amasiye, ana awo onse ali kutali. Amanditchula "mwana wanga Madamu". Nkhani yawo ndi imodzi m'mawa ndi madzulo: feteleza. Chaka chatha kuponi ya feteleza wotsika mtengo inawadumpha, ndipo chimanga chinawathera Khirisimasi isanafike.

Akuloza chikwama: "M'menemo muli chiyani?"

Ndawauza kuti ndi chophunzitsira. Akuti "Ehe", n'kuchiyang'anabe nthawi yaitali.

Lachiwiri

Zodabwitsa! Kalasi yadzaza theka!

Ana amene sindinawaonepo chibwerere kuno. Ena matope a kudambo adakali m'miyendo. Wina wabwera ndi keni yothirira, wayiika pambali pake ngati mnzake wa pabenchi. Onse akufuna kujambulidwa. Mayankho ali pamlomo ngati wina wawaloweza kunyumba, ndipo minda yakula usiku umodzi. Kamtsikana kena kakuti munda wawo umayambira pamtengo wa mango mpaka pamene diso latopera. Mwana amene dzulo anati amalima mtedza wabweranso kudzakonza: "Amayi akuti ndinalakwitsa, timalima chimanga."

Zolemba pa bulogu: "Mwana wakumudzi ali ndi ludzu la tekinoloje. Chimene chimasowa ndi mphunzitsi wa masomphenya."

Mphunzitsi wa masomphenyayo ndine.

Kotchaja ndi kwa Che Juma, wagolosale wa pamsika, amene ali ndi sola padenga. Dzulo anandiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha mchere. Lero wandipukutira mpando, wazula mafoni a anthu onse kuti laputopu imwe yokha, ndipo wakana kulipidwa. "Madamu, ife ndife amodzi. Dzina ndine Juma Saidi. Musaone golosaleyi, ndimalimanso." Ine sindinamufunse.

Anthu a kuno ndi aulemu bwanji! Amayi akundipatukira m'njira. Bambo wina watsika panjinga kuti andipatse moni, katundu yense n'kugwa.

Pakhomo ndapeza:
– mazira m'mbale
– mitengo ya nzimbe
– nkhuku yomangidwa miyendo, ikundiyang'ana mokayika

Anabanda akuti: "Anthu akukonda, mwana wanga." Anzanga a m'tauni aja akulandira chiyani? Fumbi la choko!

Kuchulu ndapita ndi nzeru. Ndamuponyera tonde nzimbe, ine n'kukwera ndi laputopu. Tsamba likutseguka pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha. Nzimbe yatha tsamba lisanatseguke.

Mawa ndibweretsa ziwiri.

Lachitatu

M'mawa. Sindikutha kulowa m'kalasi mwanga.

Muli amayi a ana kumbuyo. Muli abambo a zipewa m'manja. Pabenchi yakutsogolo pakhala madala ena, a Nkhoma, imvi mbuu, atavala kabudula wa yunifolomu wa mdzukulu wawo, mawondo ali pamtunda. Ndawafunsa mwaulemu ngati asochera. Akuti: "Maphunziro alibe msinkhu, Madamu."

Misozi yatsala pang'ono kugwa. Izi ndiye zolemba pa bulogu! Mudzi wonse wadzuka kufuna kuphunzira chifukwa cha ine!

Ndayamba kujambula. Mzere ukuyenda bwino, palibe wokankha mnzake. Dzina, mudzi, mbewu, munda. Dzina, mudzi, mbewu, munda. Mayi wina wamaliza koma sakuchoka. Waweramira kukhutu kwanga.

"Madamu, ndiye ndi zonse ziwiri? Wokulitsa ndi wobereketsa?"

Ndafunsa kuti chiyani.

"Feteleza."

Mayo ine!

Dzina. Mudzi. Mbewu. Kukula kwa munda. Mafunso anga anzeru aja ndi omwewo amene amafunsa olemba makuponi. Ana anakanena kunyumba kuti kwabwera madamu ndi makina ochokera ku boma, akujambula anthu n'kufunsa za minda. Mwezi uno, kuno, munthu wofunsa za munda wako angakhale ndani winanso?

Ndakwera pabenchi. "Makolo! Izi si za makuponi! Ndi phunziro chabe!"

Onse akugwedeza mitu mwaulemu. A Nkhoma akugunda mnzawo ndi chigongono: "Waona? Enieni amakana."

Ndabwereza mokweza. Andiombera m'manja.

Masana, mu ofesi ya ahedi. Ndawafotokozera zonse. Akumvetsera maso ali pachikwama. "Madamu, chibwerereni pasukulu pano sindinaonepo kholo likulowa pageti popanda mlandu. A lekichara anu akufuna kalasi yodzaza? Yadzaza. Mukufunanso chiyani?" Kenaka akonza tayi. "Inenso mungondijambula, za chikumbutso basi. Mwale. Chimanga ndi fodya."

Ndaganiza bwino pobwerera:
1. Ndanena, sanamve. Si mlandu wanga.
2. Kujambulidwa sikupweteka munthu.
3. Ndidzanenanso mwamphamvu Lachisanu masana, a Chirwa akangotembenuka.
4. Nkhuku ija yaphedwa kale.

Madzulo dzuwa lisanalowe, Anabanda atuluka m'chipinda atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, duku latsopano, nkhope ikuwala mafuta. Akhala pampando, manja pamawondo.

"Amayi, si za makuponi."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Sumaloledwa kunena."

Ndawajambula. Adziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, n'kuti: "Koma ndakalamba." Kenaka anena dzina lawo, mudzi wawo ndi kamunda kawo, ndi mawu a munthu amene akupemphera. Iwo okha sanakulitse munda.

Chakudya ndayesa kuchikana. Pang'ono chabe. Nkhukuyo inali yonona.

Lachinayi

Anthu achokera mpaka kumidzi imene ahedi sakuidziwa.

Amene ndajambula lero batire isanafe:
– mayi atanyamula chithunzi cha mwamuna wake amene ali ku Joni. Chithunzicho ndicho chajambulidwa, mayiyo akuchiyankhulira.
– bambo mmodzi katatu: ndi chipewa, wopanda chipewa, ndi magalasi obwereka. Akuti anabadwa atatu.
– khanda la masiku ochepa. Ndafunsa dzina, akuti silinatchulidwe. Akambirana pomwepo. Dzina lake ndi Kuponi.
– mkulu wa mpingo, amene wayamba wasanjika manja palaputopu kuti isaiwale aliyense.

Ana a Sitandade 6 enieni ali panja, akusuzumira pazenera. M'kati mulibe malo a ana.

Ndawauza kudzera pazenera pomwepo: "Mawa kukubwera akuluakulu anga kudzaona, nonse mubwere." Ndimanena ana. Pofika masana nkhani yamera nthenga: mawa kukubwera bwana wamkulu kudzatsimikizira nkhope, ndipo wosapezeka afufutidwa m'makina.

Nditatchajanso kwa Che Juma, kuchulu sindinapite ndekha. Ndatembenuka, ndaona chigulu chikunditsata ngati ndikupita kukakwatiwa. Tonde wamangidwa kale kumtengo. Chulu chasesedwa. Anyamata akumba masitepe. Mayi wina akundigwirira ambulera. Ndikumva a Gondwe akufotokozera alendo: "Apa ndi pamene mayina amakwerera kupita ku Lilongwe. Chulu changa ichi."

Ndalowetsa kachipangizo. Chete! Ngakhale makanda aleka kulira. Kamzere ka pagalasi kakuyenda. Kaima. Kayendanso. Munthu wina watsokomola, anzake amukalipira kuti asokoneza mayina.

Chithunzi chimodzi chalowa!

Ndi cha tonde. Chija ndinajambula mwangozi pafoni Lolemba pothawa: diso limodzi, ndevu, ndi mphuno yadzaza galasi lonse. Sindikudziwa kuti chinafika bwanji m'laputopu, kapena kuti chasankhika bwanji. Ndisanachichotse, batire yafa.

Bulogu yanga tsopano: "Tekinoloje M'kalasi Mwanga", pansi pake tonde.

Nthungululu! A Gondwe akundifunsa ngati ya mbuziyo adzalandire ndi iwo monga mwini wake.

Tikutsika, kwadutsa munthu panjinga akufuula uthenga. Mawa m'mawa alangizi a zaulimi adzakhala pabwalo la mpira la tsidya kulemba mayina a makuponi. Aliyense abwere yekha. Wosabwera asadzadandaule.

Anthu aseka mpaka kugwirana. "A cholembera aja?" "Akalembe agogo awo!" "Ife tili kale m'kompyuta!"

Ine sindikuseka. Mawa m'mawa. Nthawi yomweyo ya a Chirwa.

Kunyumba ndayesa. Ndithu ndayesa. "Amayi, mawa mupite kwa alangizi."

Akusita chitenje chija ndi ayironi ya makala, osadzutsa mutu. "Ndikusiye wekha tsiku la mayeso ako? Anthu angati ulibe mayi. Ine ndili kale m'makina."

Apa ndikanayenera kuwagwira dzanja. Ndikanayenera kugogoda khomo ndi khomo mpaka kutsidya. Koma m'maso mwanga mwabwera mabenchi opanda anthu, a Chirwa akulemba atakwinya nkhope, ndi bambo anga akuwerenga mayina a anyamata a kwathu.

Mwina alangizi achedwa. Anthu a boma amachedwa. Ndikupempha kuti mawa lokha achedwe.

Lachisanu

Golosale ya Che Juma ndi yotseka! Mkazi wake wandipatsira pazenera laputopu imene inagona ikutchaja. Bambo apita kuti? "Angopita kukaona mpira." M'mawa muno. Pabwalo la tsidya.

Pasukulu pali anthu ngati pamaliro a munthu wolemera, kungoti onse akumwetulira. Asamba. Adzola. Bambo wa katatu uja wabwera ndi zipewa zonse m'thumba.

Galimoto ya a Chirwa yalandiridwa ndi nyimbo kuyambira pamsewu. Amayi ayala zitenje pansi. Iwo atsika akuyang'ana kumbuyo kuti aone amene akulandiridwa. Pakhomo la kalasi sipakupitika, ndiye anyamata awanyamula n'kuwapatsirana mpaka kumbuyo, pampando wa ahedi. Wina wawaikira tambala pamiyendo.

Laputopu ili patebulo, galasi laloza kubolodi, msana kwa a Chirwa. Ndayatsa. Yawala. Yaonetsa nkhope ya Anabanda, duku lawo latsopano, manja pamawondo. Kenaka phethi! Mdima.

Ndadina. Ndadinanso. Ndaipempha m'dzina la achimwene. Yafa, ndipo imfa yake si ya batire, chifukwa kukutuluka kafungo ka tsitsi lopserera.

Thukuta mpaka m'nsapato. Ndamwetulira. "Woyamba abwere!"

Abwera a Nkhoma ndi kabudula wawo. Aima kutsogolo kwa galasi lakuda. Akudziona m'menemo ngati m'madzi a m'chitsime. Akonza kolala. "Lero yavala zakuda chifukwa cha bwana," akutero, n'kunena dzina, mudzi, mbewu ndi munda, momveka ngati akulumbira kukhoti.

Wachiwiri. Wachitatu. Mzere ukuyenda. Ine ndikudina batani lakufa n'kumati "Yalowa!" Anthu akuombera m'manja aliyense akalowa.

A Chirwa akulemba osapuma, dzanja lina litagwira tambala. Aimitsa phunziro kuti afunse okha. "Madala, tekinoloje imeneyi ikuthandizani chiyani pamoyo wanu?"

"Bwana, chaka chino tikolola."

A Chirwa avula magalasi n'kupukuta m'maso.

Afika Anabanda. Sakuyang'ana galasi, akuyang'ana ine. Atembenukira kwa a Chirwa, agwada pang'ono: "Bwana, uyu ndi mwana wanga. Amadzuka m'mamawa. Mumuganizire."

Nthawi yomweyo, pazenera, ndaona njinga yamoto ya alangizi ikudutsa pamsewu, ikubwerera, fumbi lili kumbuyo. Sanachedwe.

Panja, pafupi ndi galimoto, a Chirwa akundigwira dzanja osalisiya. Kalasi yodzaza, aona. Tekinoloje ikugwira ntchito, aona. Bulogu anaiona kale dzulo ku ofesi. "Chithunzi cha mbuzi chija, luso lenileni! Kuyambira pa zimene mwana akuzidziwa!" Ndakhoza. Osati kungokhoza, ndakhoza pamwamba. Kwa anthu akuti: "Ndaona ndi maso anga, ndikanena kwa akuluakulu." Nthungululu zafika kudambo.

Galimoto yapita ndi atambala atatu ndi dzungu.

Ndakwera pabenchi ija. Ndanyamula laputopu m'mwamba, ndaitembenuza, ndaigwedeza. Ndawauza kuti yafa. Kuti ngakhale ili moyo inalibe feteleza. Kuti ku Lilongwe sikunapite dzina la munthu ndi mmodzi yemwe, kunapita mbuzi. Kuti olemba makuponi enieni ndi aja adutsa panjinga yamoto.

Lachitatu ndinanena zomwezi, anandiombera m'manja. Lero ndalira ponena, ndiye akhulupirira.

Palibe watukwana. A Nkhoma ayang'ana mawondo awo ngati akuwaona koyamba. Anabanda amasula duku, alipinda bwinobwino, n'kutuluka.

Loweruka

Amene anapita kwa alangizi n'kulembedwa:
– Che Juma
– akazi a ahedi ("Ine ndinangowatuma akaone," akutero a Mwale, maso ali kumitengo)
– ena ochepa amene anali asanamve za ine. Odala anthu amenewo.

Kuyambira m'mawa pakhomo pali mzere wina. Uwu ndi wodzatenga.
– Mazira: tinadya.
– Nkhuku: nthenga zilipo kudzala.
– Nzimbe: akafunse tonde.

A Nkhoma abwera atavala buluku. Sakufuna china, akufuna nkhope yawo. "Ituluke m'menemo, Madamu. Sindikudziwa kumene mupite nayo." Ndawauza kuti makina afa. Akuti ndiye poopsa pamenepo, nkhope ya munthu wamoyo kukhala m'chinthu chakufa. Ndatsegula laputopu, ndaizondotsa, ndaikutumula pamwamba pa chipewa chawo. Ayang'ana m'chipewamo, achivala, apita.

Nkhani yamveka. Tsopano aliyense akufuna kukutumuliridwa. Bambo uja wabwera ndi zipewa zake zonse zitatu. Mkono ukuwawa.

Khanda lija alisintha dzina. Tsopano ndi Mavuto.

Masana ndabwereka njinga kupita kwa alangizi. Mtunda wake! Ndawapeza akutsuka njinga yamoto. Munthu waulemu, wandipatsa madzi akumwa. Akuti anadikira mpaka dzuwa pamutu, akudabwa kuti mudzi wonse wapita kuti. Mayina anakawapereka kale ku boma dzulo lomwelo. Ndawauza za Anabanda. Ndagwada, ine wa masomphenya, m'matope a sopo. Akuti: "Mwina akadzawonjezera, Madamu. Mwina."

Ndapalasa njinga kubwerera ndi "mwina" wangayo. Palibe munthu anathirapo "mwina" paphando la chimanga.

Kunyumba, Anabanda ali pantchito zawo ngati kale. Akusesa. Akusankha mbewu zawo zija. Andiikira madzi osamba, ofunda bwino ngati masiku onse. Bola akananditukwana. Bola akananditulutsira katundu panja, ndikanadziwa poika nkhope.

Ndalirira kubafa, ndikuthira madzi mwaphokoso kuti asamve.

Zolemba pa bulogu: palibe.

Lamulungu

Kutchalitchi benchi yonse ndi yanga. Anthu apanikizana mbali inayo ngati ndili ndi chikuku. Anabanda okha abwera kudzakhala pambali panga, duku lakale kumutu, n'kundigwirizira buku la nyimbo.

Mkulu wa mpingo uja, popemphera, wapempherera mvula, odwala, ndi "alendo amene amabwera ndi zinthu". Ameni wake wamveka mpaka kumsika.

Masana ndakwera chulu ndi foni yokha. Masitepe aja alipobe. Tonde wabwerera pamalo pake. Wandiyang'ana, ndamuyang'ana. Sanatsitse mutu. Tilibenso cholimbirana, ndipo pa awirife wotchuka ndi iye.

Pa bulogu pali ndemanga imodzi, ya a Chirwa: "Chitsanzo chabwino. Anzanu aphunzirepo."

Ndatsika pang'onopang'ono.

Anabanda ali pamphasa. Kwa nthawi yoyamba chichokereni Lachisanu, andiyang'ana m'maso.

"Ndiye wakhoza?"

"Ndakhoza, amayi."

"Basi. Chimodzi chatheka."

Akuti alankhula ndi a Gondwe. Avomera kutipatsa manyowa a m'khola la mbuzi zawo, tikakumbe tokha. Khola la tonde yemweyo. Munda uli tsidya la dambo, ndipo ngolo palibe, ndi pamutu basi. Lero ndi Sabata, sitigwira. Tiyamba mawa kusanache, ndikatero ndikasambe n'kupita kukaphunzitsa mabenchi anga. Mpaka mvula idzagwe.

Andigwira pamutu, akudinadina ngati akusankha dzungu. "Mutu wa m'tauni uwu. Ufunika nkhata yofewa." Alowa m'nyumba. Atuluka ndi chikwama cha laputopu. Achipinda, achizunguliza, andiyesa. Chakwana ngati anachisokera ntchito yomweyo.

Kenaka, akuyang'ana kumbali: "Chithunzi changa chija. Ndinatuluka bwino?"

Ndawauza kuti anatuluka bwino kuposa onse. Agwedeza mutu n'kubwerera ku mbewu zawo.

Za mawa:
1. Ndowa.
2. Khasu.
3. Chikwama cha laputopu.

Achimwene ndidzawauza tsiku lina.